Kodi Akuitana Ndani?

Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya aepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Kalatayo inatchula poyera zimene anthu ankangonong'onezana: malipiro ochepa a antchito, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, ndiponso anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Patangopita masiku ochepa, Ambuye James Chiona ndi aepiskopi anzawo anaitanidwa ndi apolisi kuno ku Blantyre, ndipo kupezeka ndi kalatayo kunasanduka mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, kenaka mu April Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko.

Mkhristu wogwira ntchito ku David Whitehead, pamsewu wa Makata, anali pakati pa mawu otsutsana. Wailesi, imene inali imodzi yokha, inkati aepiskopi ndi oukira. Abale ake, chifukwa chomukonda, ankati aitenthe kalatayo, ana angakhale amasiye. Koma iye ankadziwa ndalama zimene ankalandira pakutha pa mwezi, ndipo ankadziwa kuti kalatayo sinaname. Ambiri anazindikira mawu a Mulungu m'kalata imeneyi chifukwa inagwirizana ndi Malembo Oyera, inagwirizana ndi zimene maso awo ankaona, ndipo olemba akewo ndiwo anali oyamba kuika moyo wawo pachiswe. Sanapindule nayo ngakhale tambala.

Lero wailesi zachuluka, ndipo mawu ambiri amabwera pa foni. Mnyamata amene watha zaka zitatu akuponya makalata ofunsira ntchito ku Limbe ndi ku Ginnery Corner amadzuka n'kupeza mauthenga pa WhatsApp. Mneneri wina akuti mwayi wake anaumanga agogo ake kumudzi, ndipo kuti umasuke atumize kaye ndalama ya mbewu pa Mpamba. Amalume akuti apite kwa sing'anga. Mnzake ali ku Joni akuti angokwera basi. Onsewa akutchula dzina la Mulungu, ena mochokeradi pansi pa mtima.

Yohane Woyera, m'kalata yake yoyamba mutu 4, amachenjeza akhristu kuti asamakhulupirire mzimu uliwonse asanauyese. Funso loyamba ndi losavuta: kodi mawuwa akatsatidwa, alire ndani? Uneneri umene ukuloza chala gogo wosauka, m'dziko limene okalamba akhala akuphedwa powaganizira ufiti, sungachokere kwa Mulungu amene analamula kulemekeza bambo ndi mayi. Ngakhale wonenayo atadziwa tsiku lobadwa la munthu ndi dzina la mudzi wake (zimene nthawi zambiri zimakhala kale pa Facebook), chipatso chake ndi chidani pa banja. Funso lachiwiri nlakuti: apindule ndani?

Palinso nkhani ya changu. Mawu onyenga amakonda kuthamangitsa: tumiza lero, usauze munthu, chisomo chikupitirira. Ignatius wa ku Loyola Woyera, amene anayambitsa chipani cha Ajezwiti, ankalangiza kuti munthu asasinthe zimene anatsimikiza kale pa nthawi imene mtima wake uli mumdima ndi m'chisokonezo. Ayembekeze, awonjezere mapemphero, aulule zonse kwa mlangizi wauzimu. Tsiku limene munthu wachotsedwa ntchito, kapena wangobwera kumene kumaliro, si tsiku lothetsa ukwati kapena losiya mpingo.

Izi sizikutanthauza kuti mawu a Mulungu amakhala ozuna nthawi zonse. Kalata ya 1992 inasowetsa anthu tulo, ndipo m'mwezi wa May chaka chomwecho, antchito atanyanyala ntchito mumzinda uno, anthu anafa. Riferendamu inadzachitika pa 14 June 1993, koma pa Lamulungu lija la Lenti panalibe amene ankadziwa kuti zidzathera kumeneko.

M'buku loyamba la Samuele, mutu 3, mnyamata Samuele anaitanidwa katatu usiku, ndipo katatu konse anathamangira kwa Eli poganiza kuti ndiye akumuitana. Mnyamatayo ankagona m'Nyumba ya Mulungu, komabe mawuwo sanawazindikire payekha. Anafunika nkhalamba ya maso ofooka kuti imuuze amene akuitana ndi m'mene angayankhire. N'chifukwa chake Mpingo uli ndi miphakati, aphungu a mabanja, ndi ansembe okhala m'kanyumba ka kulapa: kuti nkhani yolemera isagamulidwe ndi munthu mmodzi pakati pa usiku, foni ili m'manja.

Uthenga umene Samuele analandira unali wa chilango cha banja la Eli yemweyo. Kutacha, mnyamatayo anaopa kuunena. Eli anamuitana n'kumulamula kuti asabise kanthu, ndipo atamva zonse anavomera kuti alankhula ndi Ambuye.