Bodza Lopanda Mawu

Kuyambira ali aang'ono, ana amaphunzitsidwa kuti bodza ndi kunena chinthu chimene sichoona. Chiphunzitso chimenechi n'chabwino, koma chimasiya funso limodzi losayankhidwa. Nanga munthu amene sadatsegule pakamwa pake, koma wakonza zinthu mwa njira yakuti mnzake akhulupirire zabodza, kodi iyeyo alibe mlandu? Funsoli limakula kwambiri pa nkhani ya malonda, pakuti masiku ano katundu wambiri amadzilankhulira yekha kudzera m'dzina, mtundu ndi zolembedwa pa chikuto chake.

Limbuli, m'boma la Mulanje, ndi malo oyenera kulingalirirapo nkhaniyi. Ali pafupi ndi chipata cha Muloza, pa msewu wochokera ku Blantyre umene umakalowa ku Milange m'dziko la Mozambique. Pa msika wake pamakumana alimi, ogwira ntchito m'minda ya tiyi, akabaza ndi amalonda a mbali zonse ziwiri za malire. Chimanga, nandolo ndi nanazi sizingabise mkhalidwe wake, chifukwa wogula amatapa, amanunkhiza, mwina amaluma kumene. Koma katundu wa m'chitini, m'botolo kapena m'paketi sayesedwa asanalipiridwe. Wogula amalipira zimene chikuto chamuuza.

Chitsanzo chabwino ndi polishi wowalitsira galimoto ndi njinga zamoto. Polishi wambiri wa mtundu umenewu amatamandidwa chifukwa cha phula lotchedwa carnauba, limene limachokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa womera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Phula limeneli likakhala lokha ndi lolimba kwambiri, ndipo kuti lisungunuke pamafunika kutentha kopitirira madigiri 80. Motero silingapakidwe popanda kulisakaniza ndi mafuta ndi mankhwala ena olifewetsa. Komabe pa zitini zina pamalembedwa kuti carnauba 100 peresenti. Wopangayo akafunsidwa amayankha kuti amatanthauza kuti phula lonse limene lili m'chitinimo, ngakhale litakhala lochepa, ndi la carnauba. Mawuwo angathe kukhala oona, koma chimene wogula wamva n'chakuti chitini chonsecho ndi phula lenileni.

Chimodzimodzinso chionetsero chimene otsatsa amakonda, chopaka mbali imodzi ya galimoto n'kuthirapo madzi. Madziwo amapanga timadontho n'kutsetsereka, ndipo oonerera amagoma. Koma chinthu chilichonse cha mafuta chimakana madzi pa tsiku loyamba. Funso lenileni ndi lakuti polishiyo adzakhala masiku angati pa dzuwa, pa fumbi ndi pa mvula ya ku Mulanje, ndipo funso limenelo silingayankhidwe pa chionetsero cha mphindi ziwiri. Phula limangoyala kachikuto kopyapyala pamwamba pa penti, kamene kamatha pakapita masabata kapena miyezi yochepa. Silichotsa zokalika zakuya. Limangozikwirira mpaka galimoto itatsukidwa kangapo.

Njira ina ndi yobera nkhope ya katundu wodziwika. Polishi wa nsapato wa Kiwi, amene adayamba kupangidwa ku Melbourne m'dziko la Australia mu 1906, adatenga zaka zambiri kuti anthu amukhulupirire. Wobera nkhope safuna kudikira zaka zoterozo. Amatenga kukula kwa chitini, mitundu ndi kalembedwe ka mnzake, n'kusintha chilembo chimodzi kapena ziwiri, monga m'mene pa nsapato zina pamalembedwera Adibas m'malo mwa Adidas. Akagwidwa amaloza chilembo chimenecho n'kunena kuti sadanamize munthu. Koma chilembocho adachisintha pofuna kuthawa mlandu, pamene zina zonse adazisiya zofanana pofuna kusokoneza maso a wogula.

Pali ena amene amaikira kumbuyo amalonda otere, ndipo mfundo zawo siziyenera kunyozedwa asanazimve. Iwo amati msika si tchalitchi: wogulitsa aliyense amakometsa katundu wake, monga mayi amene amaika tomato wamkulu pamwamba pa mulu. Amatinso wogula ali ndi maso, ndipo makolo adachenjeza kale kuti safunsa adadya phula. Ngati munthu sadawerenge bwino dzina, bwanji mlandu ugwere wina? Pomaliza amati katundu wofanizira amathandiza osauka, amene sangakwanitse mtengo wa katundu weniweni.

Mtsutso umenewu ndi wakale kwambiri. M'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, Cicero, katswiri wa ku Rome, adalemba za wamalonda amene adafika ndi tirigu pa chilumba cha Rhodes m'nthawi ya njala, kuchokera ku Alexandria. Iye adadziwa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'njira, koma anthu a pa chilumbacho sadadziwe. Kodi adayenera kuwauza, ngakhale kuti kutero kukadagwetsa mtengo? Wanzeru wina, Diogenes, adati sadali wokakamizidwa kuulula malinga ngati sadaname. Wophunzira wake, Antipater, adati adayenera kuulula, pakuti munthu adabadwira kuthandiza anthu anzake. Cicero adagwirizana ndi Antipater. Nkhaniyi siyachilendo kwa wogulitsa chimanga pa Limbuli m'mwezi wa February, amene wamva kuti malole ena akubwera kuchokera ku Milange.

Ngati pali kukayika pa za wamalonda wa tirigu uja, pa za wobera nkhope palibe. Woyambayo adangokhala chete pa umbuli umene adaupeza. Wachiwiriyu amaupanga yekha umbuliwo, n'kudyerapo. Pali muyeso wapafupi wosiyanitsira kukometsa ndi chinyengo: kodi malondawo akadachitika wogula akadadziwa zonse zimene wogulitsa akudziwa? Ngati yankho ndi inde, palibe cholakwa. Ngati phindu lonse latsamira pa kusadziwa kwa wogula, ndiye kuti ndalamayo yatengedwa, osati kupatsidwa. Tomato wa pansi pa mulu angathe kutembenuzidwa wogula asanalipire, koma chitini chomata sichitembenuzika.

Muyeso womwewu ukuyankha mfundo ya osauka ija. Mnyamata amene wagula nsapato ya Adibas akudziwa kuti ndi yofanizira, n'kulipira mtengo wa yofanizira, sadanamizidwe, ngakhale kuti mwini dzina lenileni ali ndi dandaulo lake. Koma wakabaza amene wapereka ndalama ya tsiku lonse akuganiza kuti wagula polishi weniweni waberedwa. Ndipo osauka ndiwo amapwetekedwa koposa, popeza ambiri sadziwa bwino Chingerezi kapena Chipwitikizi chimene chimalembedwa pa zikutozo, ndiponso alibe ndalama yogulira kachiwiri.

Wina anganene kuti polishi ndi chinthu chaching'ono, ndipo njinga ikapanda kuwala palibe amene amafa. Koma mtima umene umalola chinyengo pa chitini cha polishi ndi womwewo umene umapaka utoto chimanga cha m'nkhokwe n'kuchigulitsa ngati mbewu yamakono, kapena kusakaniza feteleza ndi mchenga. Mlimi amazindikira chinyengocho mvula itapita kale, chaka chonse chitaonongeka. Pa mankhwala nkhani imafika pa moyo weniweni. Mu 2017 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti pa mankhwala 10 alionse ogulitsidwa m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi amodzi ndi achinyengo kapena osafika pa muyeso woyenera.

Chinyengo chimapwetekanso wamalonda woona mtima. Anthu akapsa kawiri kapena katatu amayamba kukayikira chitini chilichonse, ndipo safunanso kulipira mtengo wa katundu weniweni. Pamenepo wogulitsa zenizeni amatsala ndi njira ziwiri: kutseka okala yake kapena kulowa nawo m'chinyengo. Msika umene udamangidwa pa kukhulupirirana umasanduka malo amene aliyense amaopa mnzake.

Komabe si bwino kuunjika mlandu wonse pa mwini okala wa pa Limbuli. Nthawi zambiri iyenso adapusitsidwa kumene adakapikula. Mlandu umakula molingana ndi kudziwa: waukulu uli pa amene adakonza chikutocho, wotsatira pa woitanitsa amene akudziwa chimene wanyamula, ndipo wogulitsa wamng'ono amalowamo pa tsiku limene wazindikira choona koma n'kupitiriza kukhala chete. Wogula nayenso ali ndi gawo lake. Amene amafuna dzina lotchuka pa mtengo wa bonya amadzitchera yekha msampha, ataiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma kupusa kwa wogula sikusandutsa wonyenga kukhala wolungama, monga momwe kuiwala kutseka chitseko sikupatsa mbala ufulu wolowa m'nyumba.

Dziko lidaikapo malamulo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyesa ubwino wa katundu, bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi lidayamba mu 1994, ndipo lamulo loteteza ogula lidakhazikitsidwa mu 2003. Zonsezi n'zofunika, koma woyendera misika sangaime pa benchi iliyonse. Lamulo limagwira mawu olembedwa, pamene chinyengo chochenjera chimabisala m'mipata ya mawuwo.

Choncho bodza silidalira lilime. Chitini, mtundu ndi chilembo zingathe kunama mofanana ndi pakamwa, ndipo wolakwa ndi amene adafuna kuti mnzake akhulupirire chimene iye akudziwa kuti sichoona. Ophunzira a lero ndiwo amalonda, opanga katundu ndi olemba zotsatsa a mawa. Pogula, ayenera kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo, kufunsa kumene katunduyo adapangidwa, ndi kukayikira mtengo wotsika mopitirira muyeso. Pogulitsa, ayenera kudzifunsa ngati angathe kuuza wogula zonse zimene akudziwa, wogulayo n'kutulutsabe ndalama yake mokondwa.