Mtima Watsopano M'thupi Lakale

Pali chizolowezi china pakati pa amakaniko a m'dziko muno chimene anthu ambiri amachiona ngati nkhani ya zitsulo chabe, koma chikalingaliridwa mofatsa chimadzutsa funso lalikulu la khalidwe la munthu. Galimoto yamakedzana, monga Land Rover kapena Peugeot 404, injini yake ya petulo ikatopa, mwini wake safulumira kuitaya. Amafunafuna injini ya dizilo yochotsedwa m'galimoto ina yaikulu, napita nayo kugalaja, ndipo kumeneko amazula mtima wakale uja ndi kuikamo watsopano. Galimoto imadzukanso, mawu ake asintha, utsi wake wada, ndipo phiri limene kale inkakwera mopuma tsopano ikukwera mosavuta. Kodi n'koyenera kuchita zimenezi? Nanga munthu amene waika mphamvu yaikulu m'thupi lakale wadzisenzetsa udindo wanji?

Anthu a maganizo awiri amatsutsana pa nkhaniyi. A gulu loyamba, makamaka a maiko a ku Ulaya kumene magalimoto akale amasungidwa ngati chuma cha mbiri, amati kusintha injini ndi kuwononga. Kwa iwo galimoto yakale ndi mboni ya luso la anthu amene anaipanga, ndipo mboni yosinthidwa lilime siinganenenso zoona. A gulu lachiwiri amati chitsulo chilibe ulemu wina koposa ntchito yake. Dizilo amayenda mtunda wautali pa lita imodzi kusiyana ndi petulo, injini yake imakoka katundu wolemera, choncho galimoto imene ikadafera pansi pa mtengo wa mango ikupitiriza kunyamula chimanga ndi odwala.

Mtsutso umenewu si wa lero. Mlembi wachigiriki Plutarch analemba za ngalawa ya Theseus imene anthu a mu mzinda wa Athens anaisunga kwa mibadwo yambiri. Thabwa likawola ankalichotsa ndi kukhomapo lina, mpaka anthu anzeru anayamba kufunsana ngati ngalawayo inali ikadali yomwe ija. Ife a m'mbali mwa nyanja sitifunika kupita kutali chotero, chifukwa nyanja yathu ili ndi chitsanzo chake.

Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa mumzinda wa Glasgow ku Scotland, ndipo inabwera kuno m'zidutswa zoposa 3,000 kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Pamene panali mathithi, zidutswazo zinasenzedwa pamutu. Chitsulo chake chowiritsira madzi, cholemera matani 11, sichikadatheka kugawidwa, motero amuna 450 anachikoka pangolo kudutsa m'mapiri. Sitimayo inalumikizidwa kwa Mponda ndi kulowa m'madzi m'chaka cha 1901. Inatchedwa dzina la bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanjayi m'chaka cha 1895. Amishoni a UMCA anaigwiritsa ntchito ngati tchalitchi, sukulu ndiponso chipatala choyenda pamadzi. Inkayendera nthunzi, ndipo m'madooko ambiri anthu ankaunjika nkhuni zoti isonkhezere moto wake. M'chaka cha 1967 injini yanthunzi ija inachotsedwa, m'malo mwake munaikidwa ya dizilo ya mtundu wa Crossley, ndipo sitimayo inayamba kunyamula anthu ndi katundu.

Kodi pamenepo Chauncy Maples inafa? Amene anakwerapo m'zaka zotsatirazo sangavomere. Dzina linali lomwelo, thupi lomwelo, ndipo koposa zonse inkatumikirabe anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amene inapangidwira. Imfa yake yeniyeni inayandikira pamene inaima pa dooko la Monkey Bay osanyamulanso munthu, ndipo ngakhale m'chaka cha 2009 kunayambika ntchito yofuna kuisandutsa chipatala choyandama, ntchitoyo sinafike pamapeto. Apa tikuphunzira kuti chimene chimasunga chinthu kukhala chomwe chija ndi ntchito imene chinapangidwira. Wosintha injini kuti ntchitoyo ipitirire ndi wokhulupirika kwa amene anachipanga kuposa wochisiya kuti chidyedwe ndi dzimbiri chili ndi ziwalo zake zonse.

Munthu wa ku Ruarwe amamvetsa zimenezi msanga. Mudzi umenewu uli pamene mapiri amagwera m'nyanja, ndipo ulendo wa kumeneko ndi wa pamadzi kapena wa miyendo. Kwa zaka zambiri maso a anthu a ku Ruarwe ndi ku Usisya akhala ali pa sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951 ndipo nayonso injini zake zinasinthidwapo. Mayi amene akuthamangira ku Nkhata Bay ndi mwana wodwala safunsa ngati injini ili m'sitimamo ndi yoyamba ija. Iye afunsa ngati afike. Pa mfundo imeneyi a gulu lachiwiri aja apambana.

Komabe nkhani siithera pamenepa, ndipo gawo lotsalali ndilo lolemera. Tiyeni tione chifukwa chimene injini ya dizilo imalemerera. Injini ya petulo imapanikiza mpweya wosakaniza ndi mafuta pang'ono chabe, kenaka pulagi imathetheka ndi kuyatsa moto. Injini imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba ku Germany m'chaka cha 1897 ilibe pulagi yotero. Iyo imapanikiza mpweya wokha mwamphamvu, pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya petulo, mpaka mpweyawo utentha kotero kuti dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha. Kuti isaphulike ndi kupanikiza kotereku, makoma ake ayenera kukhala ochindikala ndipo ziwalo zake zikhale zazikulu. Mphamvu yake ndi kulemera kwake zinabadwira pamodzi, ndipo sungatenge chimodzi n'kusiya chinzake.

Tsono galimoto yakale ija inapimidwa kuti isenze injini yake yopepuka. Mukaikamo yolemera, masipuling'i akutsogolo amafwamphuka, chiwongolero chimauma, ndipo pokhota galimoto imafuna kupitirira. Giyabokosi imene inazolowera mphamvu yofatsa imayamba kugweluka mano. Chinthu choopsa koposa chili pa mabuleki. M'magalimoto ambiri a petulo injini yomweyo imayamwa mpweya umene umathandiza phazi la dalaivala kuti mabuleki agwire mosavuta. Injini ya dizilo siyamwa mpweya mwa njira imeneyo, motero pamafunika pampu yakeyake. Makaniko wosasamala akaiwala zimenezi, wapanga galimoto yodziwa kukwera koma yosadziwa kutsika. Aliyense amene anatsikapo msewu wa ku Usisya, umene umapetapeta m'phiri nyanja ikuoneka pansi, adziwa kuti pamalo otere moyo wa apaulendo uli m'mabuleki.

Pamadzi lamulo ndi lomweli. Boti la matabwa likamangiriridwa injini yoposa msinkhu wake, kumbuyo kumamira, kutsogolo kumatukuka, ndipo mwera ukauka madzi amalowera komwe kuli injiniko. Nyanja yathu inatiphunzitsa kale kuti kulemera koikidwa molakwika kumapha. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, imene inali itangoyamba kumene kunyamula anthu, inagubuduzika ndi mphepo pafupi ndi Chitimba, kumpoto kwa Ruarwe, ndipo anthu 145 anamwalira. Iyo siinasinthidwe injini, koma mwa zifukwa zimene zimatchulidwa n'chakuti inali yolemera kumwamba. Madzi sayang'ana kukongola kwa sitima kapena ukulu wa injini yake, amangoyesa ngati zonse zili pa muyeso.

Akuluakulu amati njovu siilemedwa ndi minyanga yake. N'zoona, koma chifukwa chake n'chakuti minyangayo inakulira limodzi ndi khosi loisenza. Injini yobwereka siinakulire limodzi ndi galimoto, choncho ntchito imene chilengedwe chinaichitira njovu, makaniko ayenera kuichita ndi manja ake. Ayenera kulimbitsa masipuling'i, kukuza mabuleki, kukhwimitsa zomangira injini, ndi kuyesa galimotoyo pamalo otsetsereka asanakwezemo mwana wa munthu. Zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi, ndiponso sizioneka. Anthu amasonkhana kudzamvera kulira kwa injini yatsopano, koma palibe amene amagwada kuyang'ana pansi pa galimoto. Khalidwe la mmisiri limaonekera pa ntchito imene sadzayamikidwa nayo.

Palinso udindo wonena zoona. Wogulitsa galimoto yotere ayenera kuuza wogula zimene zinasinthidwa, ndipo zolembedwa m'buku la galimoto zigwirizane ndi zimene zili m'kati mwake. Apa a gulu loyamba aja ali ndi mfundo imene sitingaikane: chinthu chakale chisanamiziridwe kuti sichinakhudzidwe. Kusintha si tchimo, koma kubisa kuti wasintha ndi chinyengo, pakuti wogula adzayendetsa modalira mphamvu ndi malire amene galimotoyo ilibenso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina wina anganene kuti wosauka alibe ndalama zochitira zonsezi, ndipo kumuuza kuti alimbitse chilichonse ndi kumuletsa kuyenda. Mawu amenewa ali ndi chisoni chenicheni, chifukwa umphawi ndiwo umatikakamiza kulumikiza zitsulo zosabadwira limodzi. Koma amene amakwera kumbuyo kwa galimoto yotere ndi osauka anzake, ndipo iwo sanafunsidwe ngati avomera kuika moyo wawo pachiswe. Ngati ndalama zikukwanira injini yaikulu yokha, nzeru ndi kugula yocheperapo ndi kusiyako zina za mabuleki. Kufika mochedwa kuli ndi mankhwala, kusafika kulibe.

Inu ophunzira, nkhaniyi ikukhudzani ngakhale simudzagwira sipanala. Maphunziro amene mukulandira ndi injini yolemera imene ikuikidwa mwa mwana wa m'mudzi. Mawa ena a inu mudzapatsidwa udindo, ndalama za anthu, kapena ulamuliro pa anzanu. Mphamvu zimenezi n'zabwino, ndipo palibe chifukwa chozikanira poopa kuti mudzasiya kukhala amene munali. Simudzasiya, malinga ngati mukutumikirabe anthu amene anakulerani. Koma nzeru zikamakula, kudziletsa nakonso kukule, ndipo ulamuliro ukamachuluka, kuleza mtima ndi kuona mtima zilimbitsidwe molingana nawo. Taona anthu ophunzira kwambiri amene anakwera mofulumira, nagwa pa kutsetsereka koyamba, atanyamula abale ndi mbiri ya mudzi wawo.

Choncho yankho la funso lathu ndi lakuti n'koyenera kuika mtima watsopano m'thupi lakale, ngati cholinga ndi kupitiriza ntchito yake, ngati thupilo lalimbitsidwa kuti liusenze, ndiponso ngati zoona zanenedwa kwa onse amene adzalidalire. Mmisiri wabwino akamaliza kumanga injini sayamba wafunsa kuti galimotoyo ithamanga bwanji. Amayamba wafunsa ngati idzaima pamene iyenera kuima.