Za Munthu Mmodzi Wogawanitsa Mpingo

Abale okondedwa a m'midzi ya ku Thyolo, inu amene mulawirira m'mamawa kukathyola tiyi, mwezi uno tifuna kunena nanu za nthenda imene yapasula mipingo yambiri. Nthendayo ndiyo munthu mmodzi wa pakati pathu, amene ena amkonda kopambana, ena namuda kopambana, kufikira abale a bere limodzi aleka kudyera mbale imodzi chifukwa cha iye. Mtumwi Paulo anaipeza ku Korinto, kumene Akristu anapatukana, ena nadzitcha a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Koma ife sitisowa kumka kutali chotero, pakuti dziko lathu lino liri nayo mbiri yake.

M'chaka cha 1892 anafika kuno Mzungu wa ku England, dzina lake Joseph Booth, namanga Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Iye analipira antchito ake koposa Azungu anzake, nabatiza anthu msanga, pamene a Mishoni ya Blantyre anali kuwasunga nthawi yaitali m'kalasi. Tsono ophunzira ena anachoka ku Blantyre namtsata, ndipo amishoni a ku Scotland anamuyesa wakuba nkhosa. John Chilembwe anali mnyamata wa m'nyumba mwake. Anabatizidwa mu 1893, napita naye ku America mu 1897.

Tinene zoona, Booth sananame m'zonse. Pamene anati dziko la Afrika likhale la eni ake, ndi kuti ndalama za msonkho wa nyumba zibwerere kwa anthu mwa masukulu, ananena chimene makolo athu anali kulira nacho mumtima, iwo amene anagwira thangata m'minda ya Azungu muja munali khofi, tiyi asanachuluke. Chifukwa cha pempho lake la 1899 Boma linamsaka, iye nathawira ku dziko la Apwitikizi. Munthu wogawanitsa mpingo kawirikawiri afika ndi mau oona m'kamwa mwake. Akadafika ndi bodza lokhalokha, akadamtsata ndani?

Koma taonani mayendedwe ake. Analekana ndi a Zambezi Industrial Mission, nalowa mpingo wa Seventh Day Baptist, namanga mishoni kuno ku Thyolo, naitcha Plainfield. Khofi analephera. Mu 1902 malowo anagulitsidwa kwa a Seventh-day Adventist. Booth analowanso mpingo umenewo, nadza ndi Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Awiriwo sanamvane, ndipo mu 1903 Booth anachoka. Branch anatsala ndi sukulu, ndipo malo aja ndiwo anatchedwa Malamulo mu 1907, pamene pali chipatala chimene ambiri a ife tachirirapo. Booth tsono anatenga chiphunzitso cha Watch Tower, napita nacho ku South Africa, naphunzitsa Elliot Kamwana, amene mu 1908 ndi 1909 anabatiza Atonga zikwizikwi, mpingo wa ku Bandawe nugwedezeka. Kamwana anachotsedwa m'dziko mu 1909. Booth anamwalira ku England mu 1932, kutali ndi onse amene anasiya mipingo yao chifukwa cha iye. Ife tikawerenga mbiri imeneyi, mtima wathu ukhala pa anthu aja osatchulidwa maina, amene anaphunzira tsiku la kupembedza kwa munthu mmodzi, nadana ndi abale ao chifukwa cha tsikulo, ndipo podzuka m'mawa anapeza mphunzitsi wao wapita kwina.

Kodi m'midzi mwathu sizichitika? Afika munthu wochokera ku Joni, wodziwa kulankhula, nafunsa mafunso amene akulu a mpingo sawakonda. Sabata lotsatira, potuluka m'kachisi, anthu aima magulu awiri, ena pansi pa mtengo wa mango, ena kuseri kwa sukulu. Oyimba agawikana. Pa maliro amayi ateleka miphika padera, ndipo ofedwa aona. Zikafika pamenepo palibenso wokumbukira funso lija; onse angofunsana kuti, Kodi iwe uli wa yani?

Akulu athu anati, Ikaola imodzi zonse zaola, ndipo ife akulu a mpingo tithamangira mwambi umenewu kuti titaye nsomba msanga, tisanainunkhize n'komwe. Pano tiyenera kuulula tchimo lathu. Pa mudzi wina mnyamata anaimirira pa msonkhano nafunsa kumene zipita ndalama za chopereka. Anafunsa mwachipongwe, ndipo chipongwecho chinatipweteka; koma funso linali labwino, ndipo buku la ndalama linali m'thumba mwathu, lolembedwa bwino lomwe. Tikadalitsegula ndi kuliwerenga pamaso pa onse, mlandu ukadatha tsiku lomwelo. Ife tinamuuza akhale pansi, ndipo mwezi wotsatira tinamuika pa chilango. Iye anachoka, ndi mabanja asanu anamtsata, ena chifukwa anamkonda, ena chifukwa anali ndi mangawa ao akale ndi ife. Apemphera tsopano m'kanyumba kaudzu tsidya la mtsinje, ndipo mphepo ikachokera kumeneko timva nyimbo zao, zomwezo zimene tiyimba ife.

Buku lija tiliwerenga poyera mwezi ndi mwezi tsopano. Kawiri tapita kwao kwa mnyamatayo kukapepesa. Amayi ake anatiyalira mphasa, natipatsa madzi akumwa, koma mwiniwake sanatuluke m'nyumba.