Nkhalango ya Pugu ndi amonke amene anakhalamo

Mukatuluka mu mzinda wa Dar es Salaam n'kudutsa bwalo la ndege, msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kumapiri a Pugu, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Kumeneko n'kumene amonke a Benedikito Woyera ochokera ku St. Ottilien, m'dziko la Germany, anamanga nyumba yawo yoyamba mu Africa m'chaka cha 1888.

Nyumbayo sinathe ngakhale chaka. Pa 13 Januwale 1889, m'nthawi ya nkhondo ya Abushiri, pomwe anthu a m'mbali mwa nyanja anaukira ulamuliro wa Ajeremani, malowa anatenthedwa. Abulazala awiri anaphedwa pamodzi ndi Sisitere Martha Wansing, ena anagwidwa n'kuomboledwa pambuyo pake. Masiku ano Akatolika amabwera kuno m'magulu kudzapemphera ndi kukumbukira magazi amene anakhetsedwa pano.

Koma mlendo akamaliza pemphero n'kukweza maso, amaona chinthu chachikulu kuposa mbiriyi. Nkhalango ya Pugu ndi imodzi mwa zotsalira za nkhalango zakalekale za m'mphepete mwa nyanja ya India, ndipo muli zomera zina zosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Zilambe zakulungiza mitengo mpaka kunsonga. Apusi amadumphadumpha m'nthambi, agulugufe amaunjikana pamatope kumwa madzi, mapiko akutsekuka ndi kutsekeka. Mukapalasa masamba owola ndi kamtengo, mupeza chiswe, mabongololo ndi timizu toyera ta bowa zili kalikiliki kusandutsa zakufa kukhala chakudya cha zamoyo. Palibe wozilamula, palibe wozilipira, koma ntchito siiima usana ndi usiku.

Pansi pa mapiriwa pali dongo loyera ngati ufa, lotchedwa kaolin, lomwe amapangira mbale ndi makapu. M'mapanga amene anthu anasiya atakumba dongoli munalowa mileme. Dzuwa likapendeka imatuluka yambirimbiri mwakuti mlengalenga mumachita bii, iliyonse ikupeza njira ndi mawu ake omwe amagunda chinthu n'kubwerera m'khutu. Ndani anaiphunzitsa zimenezi? Ndani anauza madzi a m'zigwa izi kuti asonkhane akhale mtsinje wa Msimbazi, wodutsa pakati pa mzinda mpaka kukathira m'nyanja? Munthu amangogwira pakamwa, n'kuti: Namalenga ndi wamkuludi!

Amonke aja anadza kudzatamanda Mulungu m'mawa, masana ndi usiku, koma anapeza chitamandocho chili m'kati kale, chikuimbidwa ndi mbalame m'bandakucha ndi achanga mumdima. Moto utanyeketsa nyumba zawo, mvula inagwa, mphukira zinatuluka. Nawonso anaphukanso: anabwerera ku Dar es Salaam, ndipo pofika 1898 anali atakhazikika ku Peramiho, kufupi ndi Songea, chakum'mawa kwa nyanja yathu ya Malawi.

Lero chomwe chikuopseza Pugu ndi nkhwangwa, uvuni wa makala ndi mzinda umene ukukula mosalekeza. Tchalitchi chikapsa, akhristu amasonkha ndalama n'kumanganso. Koma chomera chopezeka pa phiri limodzi lokha chikatha, palibe mmisiri angachibweze. Choncho aliyense wokwera ku Pugu kukapemphera adziwe kuti kusamala mitengo imeneyi ndi mbali ya pemphero lomwelo.