Kodi Cholakwa cha Muofesi Achisenze Ndani?

Mvula yobzalira ikagwa m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, mlimi amakhala ndi masiku owerengeka oti athire feteleza wokulitsa, ndipo chimanga chikafika m'mawondo ayenera kuthira wobereketsa. Thumba lofika mu Febuluwale, chimanga chitamasula kale, lifanana ndi mankhwala ofika maliro atatuluka m'nyumba. Izi mwana aliyense wa kumudzi azidziwa, koma tayamba nazo dala. Boma likhoza kuyesa njira yatsopano yogawira zipangizo zaulimi zotsika mtengo, nkulakwitsa, nkudzakonza chaka chinacho. Pamene mlimi ali ndi dzinja limodzi lokha pa chaka, ndipo likamphonya, banja lake lidzagona ndi njala kufikira masika ena. Tsono tifunse: pamene akuluakulu asintha ndondomeko ndipo zinthu zisokonekera, nkoyenera kodi kuti mtengo wa cholakwacho aulipire munthu amene sanakhale nawo pa upo?

Dziko lathu lasintha njira imeneyi kambirimbiri. M'chaka cha 1998, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, kunabwera Starter Pack, timapaketi ta feteleza ndi mbewu timene tinkaperekedwa pafupifupi ku banja lililonse la alimi ang'onoang'ono. Pofika 2000 anachepetsa kuti azilandira osankhidwa okha. M'chaka cha 2005 a Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi ogulira matumba awiri a makilogalamu 50, pa mtengo wa K950 thumba, mtengo umene unatsika kufika pa K500 mu 2009. Mu 2020 boma la a Lazarus Chakwera linachotsa makuponi a pepala nkuyamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Thumba linali K4,495 ndipo olembedwa anaposa mamiliyoni atatu ndi theka. Patangopita zaka ziwiri thumba linafika pa K15,000, olembedwa nkutsika kufika pa mamiliyoni awiri ndi theka.

Sitikunena kuti osinthawo analibe zifukwa. M'nyengo ya 2008/09, feteleza atakwera mtengo pa dziko lonse, ndondomekoyi inadya pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya boma, ndipo ndalama zimenezo zipatala ndi sukulu zinkazifunanso. Kusintha nkofunika ndithu. Vuto lili pa kasinthidwe kake.

Tiyambe ndi ntchito yowawitsa mutu koposa, ndiyo yosankha. Tinene kuti mudzi wa mabanja zana walandira makuponi makumi anayi. Kalata yochokera kuboma iti asankhidwe osauka amene ali ndi munda ndiponso mphamvu zolimira. Pa pepala mawu amenewa amveka bwino, koma pabwalo, nyakwawa ikayang'ana anthu ake, iona kuti onse adya kamodzi pa tsiku mu Januwale. Isiye yani? Mayi wamasiye, kapena mnyamata amene wangokwatira kumene, kapena nkhalamba imene ikulera adzukulu asanu? Amene wasiyidwa sadzapita ku Lilongwe kukadandaula. Adzakhala moyandikana ndi nyakwawayo moyo wake wonse, adzakumana nayo pamaliro ndi pachitsime. Muofesi anadula chiwerengero ndi cholembera, koma chidani anachitula kumudzi.

Nchifukwa chake midzi yambiri inapeza njira yakeyake: thumba limodzi kugawana mabanja awiri kapena atatu, aliyense ndi ndowa yake. Alangizi anadandaula, ndipo ananena zoona, kuti feteleza wochepa womwazidwa m'minda yambiri sabereketsa monga anayembekezera okonza ndondomeko. Komabe ife tizengereza kuutcha mchitidwe umenewu kusamvera. Anthuwo anaona kuti lamulo likuwagawa pamene umphawi sunawagawe, ndipo anasankha kukolola pang'ono onse mmalo moti theka la mudzi lizipempha kwa theka linalo. Mwina nkhokwe za dziko zinataya matumba ena a chimanga. Koma mudzi unasunga chinthu chimene sichilembedwa m'malipoti.

Kumbali ina, tisabise, makuponi a pepala anabala katangale. Kunamveka za midzi yongopeka, za makuponi achinyengo, za mafumu ena olemba abale awo okhaokha, ndi za mavenda ogula makuponi nkukagulitsa fetelezayo pa mtengo wokwera. Chiphaso cha unzika chinabwera kudzatseka mipata yotere, ndipo ina chinaitsekadi. Koma walira mvula walira matope. Makina otsimikizira chiphaso amadalira netiweki, ndipo kumene netiweki ili yofooka ndi kumudzi komwe kuli alimiwo. Anthu anagona pamadepoti masiku angapo, minda ili m'tchire. Ena anauzidwa kuti dzina lawo mulibe m'kaundula, ena kuti matumba awo anagulidwa kale ndi munthu wosadziwika. Kale munthu akamanidwa ankadziwa womumana, ndipo ankatha kumutengera kubwalo kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Koma wogulitsa akangoti makina akukana, udzatsutsana ndi yani? Wogulitsayo alibe mlandu, mlangizi alibe mlandu, nyakwawa nayo iti sinalembe ndi iyo. Apa mpamene ife tiona ngozi yaikulu ya chikhalidwe: udindo ukagawidwa m'manja ambiri ndi m'mawaya, umatha kusowa osadziwika kumene walowera, pamene njala yake ili ndi mwini wodziwika dzina.

Nanga iye wogulitsa mwayi wake kwa venda, timuweruze bwanji? Mu 2022 matumba awiri pa K15,000 ankafuna K30,000, ndipo ndalama yotere ifunika m'miyezi imene nkhokwe yatha, ana akufuna phala, ganyu nayenso akulipira pang'ono. Mayi amene wapereka chiphaso chake kwa venda kuti apeze ufa wa sabata ziwiri adziwa bwino kuti akudya mbewu. Sitimuyamikira, koma tizindikire kuti pokweza mtengo, boma linasinthanso mwakachetechete munthu wopindula, ngakhale maina m'kaundula anali omwewo. Poona zimenezi ena analangiza kuti feteleza azipita kwa alimi otha kukolola zambiri, ndipo osaukitsitsa athandizidwe ndi ndalama za Mtukula Pakhomo. Nzeruyi ndi yomveka. Choopsa nchakuti makaundula awiriwa asungidwa ndi maunduna osiyana, ndipo munthu akhoza kufafanizidwa m'kaundula woyamba asanalembedwe m'wachiwiri, nkugwera pakati ngati wowoloka mtsinje pa mtengo wosafika kutsidya.

Kumtunda nakonso zimavuta. Feteleza wathu ngwogula kunja, afuna ndalama zakunja, ndipo ayenda miyezi pa nyanja ndi pa msewu kudzera ku Beira kapena ku Nacala. Chigamulo chochedwa mu Juni chimasanduka chipwirikiti mu Okotobala, ndipo pa chipwirikiti mpamene amalowera akathyali. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipidwa ku kampani ina ya ku Britain imene inadziwika pambuyo pake kuti malonda ake ndi a nyama, feteleza osabwera, ndipo nduna ya zaulimi inachotsedwa pa udindo mu Okotobala chaka chomwecho. Nduna ikachotsedwa imapita kwawo kukapuma. Mvula siyembekeza kuti ina ilumbiritsidwe.

Ife tiganiza kuti wolamulira ali ndi ufulu wochepetsa thandizo pamene thumba la dziko laperewera, koma alibe ufulu wodzidzimutsa nako munthu wosauka. Njira yatsopano iyesedwe kaye m'maboma ochepa, ndipo pakhale munthu wodziwika dzina, wofikirika ndi miyendo, amene angakonze kaundula mvula isanagwe. Koposa zonse, wochotsedwa auzidwe msanga. Munthu wouzidwa mu Juni kuti chaka chino sadzalandira akhoza kuunjika manyowa, kusunga ndalama za ganyu wa m'chilimwe, kapena kugawa munda wake kuti mbali ina abzale mtedza ndi soya zimene sizilira feteleza wambiri. Koma wouzidwa padepoti mu Disembala, atayenda mtunda wautali ndi ndalama ya katapila m'thumba, abwerera kukapeza chimanga chake chitayamba kale chikasu, ndipo mwini ngongole akumudikira pakhomo.