Kodi Nkoyenera Kunamiza Wodwala Kuti Akhale Cete?

Abale, taganizani mbale wanu ali gone pamphasa usiku, thupi liri moto, napfuula, Taonani njoka kutsindwi! Inu muyang'ana, koma kulibe kanthu. Tsono mudzamyankha ciani? Ena amseka, nati, Wapenga. Ena, pomcitira cifundo, atenga ndodo namenya tsindwi, nati, Taipha. Oyambawo amcititsa manyazi, enawo anama. Kodi bodza lacifundo siliri bodza?

Tiyambe tadziwa kuti wodwalayo sanama. Bongo wace ndiwo umuonetsa njokayo, ndipo mantha ace ali enieni. Zotere zimadza ndi malungo akuru ofika kubongo, ndi camba, ndi kusagona masiku ambiri, ndi ukalamba wosokoneza nzeru, ndi nthenda za maganizo. Munthu wozolowera kacasu akaleka mwadzidzidzi, pakapita masiku 2 kapena 3 akhoza kunjenjemera ndi kuona tizirombo tikukwawa. Ndipo nthendayo imapha akapanda kufika kucipatala.

Cifukwa cace namwino wodziwa nchito yace sakangana naye, ndiponso sambvomereza. Ayamba wafunsa, Muona ciani, bambo? Zinayamba liti? Kodi mukumva mau? Akuuzani kucita ciani? Funso lotsirizali ndilo lalikuru, pakuti mau ena amalamulira munthu kuti adzipweteke kapena apweteke mnzace. Ayesanso kutentha kwa thupi ndi magazi, nafunsa abale za mowa ndi mankhwala. Pomwepo anena, Ine njokayo sindiiona, koma ndiona kuti mwaopa. Ndikhala nanu pano.

Mau awa ali oona onse, ndipo cifundo ciri momwemo. Iye amene amenya tsindwi agula mtendere wa usiku umodzi, koma atsimikizira wodwalayo kuti njokazo ziripodi. Tsiku lakucira kwace adzakumbukira kuti munamnamiza. Nanga adzakukhulupirirani bwanji pomuuza kuti asaleke mankhwala? Naye wotsutsa mwaukali amsiya mnzace yekha m'mantha, kotero kuti ayamba kubisa zimene amva, ngakhale zoopsa zija.

Wina adzati, Nanga coonadico cikamkwiyitsa? Pamenepo musabwerezenso. Mpatseni madzi, mucheni dzina lace, kambani naye za munda ndi ana. Kukhala cete si kunama iai.

Usiku yatsani nyali, pakuti mumdima cobvala copacika cisanduka munthu. Cotsani mipeni, zingwe ndi mankhwala a mbeu. Anthu asaunjikane m'nyumba. Alankhule mmodzi yekha, mofatsa. Musammenye, musamnjate pamtengo, ndipo musataye masiku ndi kufunafuna amene wamlodza. Pitani naye kucipatala capafupi tsiku lomwelo, makamaka ngati thupi latentha kapena nzeru zasokonezeka mwadzidzidzi. Osowa cisamaliro cotalikirapo amathandizidwa ku cipatala ca nthenda za maganizo ku Zomba, kapena ku St John of God ku Mzuzu.

Maso a wodwalayo amnyenga, makutu ace amnyenganso. Camtsalira ndi mau a iwo omdwazika. Abale, mau amenewo asamnyenge.