Chipika cha amalume padambo

Kwathu kwa Lukwa ndinakula ndikumva kuti njira sakaniza. Munthu akhoza kukumana mbewu ya mtedza, akhoza kukana kukubwereka khasu, koma ukadutsa m'mphepete mwa munda wake popita kumaliro sangakufunse kuti wakuloleza ndani. N'chifukwa chake ndinadabwa mu Seputembala chaka chatha, nditapita kukaona mayi, kupeza chipika chachikulu cha mombo chitagona chopingasa panjira yodutsa padambo la kumunsi kwa mudzi wathu. Anachigoneka ndi amalume anga enieni pamodzi ndi anyamata a m'mudzi, a nyakwawa akudziwa.

Nkhani yake ili motere. Msewu weniweni umazungulira dambolo ndipo ndi wautali. Kwa zaka zingapo, mvula ikangokata, malole onyamula nkhuni zokaunjika ku mabalani a fodya wa fuluu akhala akudulira padambo. Kenako anabwera amchenga, kenako mathirakitala. Palibe anapempha, palibenso analetsa, mpaka chaka chimenecho.

Ndinene zoona, poyamba ndinali mbali ya madalaivala. Mafuta mmene akudulira masiku anomu, dalaivala amene wapatsidwa dizilo woyeza kuti apange matiripu atatu mukufuna azungulire bwanji? Iyenso ndi waganyu, lole si yake, nkhuni si zake. Ndipo dambo si la amalume. Ngakhale ndondomeko ya za malo ya dziko lino ya 2002 imaika madambo m'gulu la malo a anthu onse a m'dera la mfumu, osati a munthu mmodzi. Ndiye ndinawafunsa madzulo ake, tili pakhonde: "Amalume, chinthu cha tonse inu mwachitseka ndi mphamvu yanji?"

Sanandiyankhe. Anangoti, "Mphwanga, mawa udzuke msanga."

M'mawa mwake ananditengera kumunsi kwa chipikacho. Pamene ndili mwana tinkasewera mpira wachikulunga pa udzu, tsopano pali chigwembe chondifika m'chiuno, ndipo chikutsata ndendende mizere iwiri ya matayala. Inu amene munabadwira ku Area 25 kapena ku Ndirande mwina dambo mumangoliona ngati thengo la udzu lopanda ntchito. Dambo limasunga madzi. Mvula ikagwa m'nkhalango ndi m'minda ya kumtunda, madziwo amatsika pang'onopang'ono, udzu ndi mizu yake n'kuwagwira, dongo la pansi n'kuwaletsa kuthawa. Ndiye chifukwa chake mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mayi amakumba pang'ono chabe n'kuthirira mpiru ndi tomato kudimba, ng'ombe n'kupeza msipu wobiriwira kwina konse kutauma. Tayala la lole yodzaza limapha udzuwo, limatsindira dothi, limasiya ngalande. Mvula yoyamba ikapeza ngalande siichedwanso, imathamanga n'kumakumba. Chigwembe chikazama, madzi a m'mbali monse amatsikira mmenemo. Zitsime ziwiri za kumadimba zinali zitauma kale tsiku limenelo, cha mayi chili chimodzi mwa izo.

Ndaganizira kwambiri mwambo uja woti njira sakaniza, ndipo ndikuona kuti makolo anaupangira phazi. Phazi likaponda udzu, udzuwo umadzuka. Wodutsa wapansi amabwereka njira n'kuibweza mmene anaipezera, ndiye kumukaniza kungakhale nkhanza chabe, poti palibe chimene wakulanda. Lole imatenga kanthu ulendo uliwonse, ndipo chimene yatengacho sichioneka tsiku lomwelo, chimadzaoneka mu Januwale madzi akamakumba, n'kudzamveka mu Okutobala chitsime chikauma. Pofika nthawi imeneyo dalaivala ali ku Chinkhoma ndi mabelo, mwina anasiya kale ntchitoyo. Mlendo ndi mame, eti? Wotsala ndi chigwembe ndi mayi.

Apa ndi pamene ndinasinthira maganizo. Mphamvu ya amalume yokana sichokera pa umwini, chifukwa alibe pepala la dambolo ndipo sayenera kukhala nalo. Ikuchokera poti iwo ndi anzawo ndi amene sadzachoka. Chinthu chikakhala cha tonse, liwu lalikulu liyenera kukhala la amene adzasenze zotsatira zake, osati la amene ali ndi injini yamphamvu.

Mkangano wotere si wa kuno kokha. Ku America, m'chigawo cha Florida, kuli nkhalango ya m'madzi yotchedwa Big Cypress, kumene anthu amayendetsa zigalimoto za matayala akuluakulu m'matope pokasaka nyama ndi pongosangalala. Anakanganako zaka zambiri mpaka kumakhoti, ndipo mu 2000 oyang'anira malowo anakonza zoti magalimotowo aziyenda m'njira zoikika zokha, zazikuluzikulu zake zokwana mamailosi 400. Ku South Africa boma linaletsa magalimoto a anthu wamba kuyenda pamchenga wa m'mbali mwa nyanja mu 2001. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ambiri amaswa matope posewera, pomwe kuno wodula padambo akusaka ya ndiwo. Kuletsa munthu masewera n'kosavuta kuyerekeza ndi kumuwonjezera mtunda pa dizilo amene alibe. Izi zimandipangitsa kumvera dalaivala chisoni, koma dambo silifunsa ngati tayala labwera kudzasewera kapena kudzagwira ntchito.

Komanso sitifunika kupita ku Florida. Paki ya Kasungu, imene inakhazikitsidwa mu 1970, tili nayo pafupi pompa. Mlendo wobwera ndi Land Cruiser kudzaona njovu ku Lifupa amauzidwa kuti asachoke mumsewu. Mtsinje wa Dwangwa, umene umakathirira nzimbe ku Nkhotakota, umayambira m'paki momwemo. Ndiye kuti boma likudziwa bwino lomwe kufunika kwa dambo. Kungoti dambo la m'kati mwa malire lili ndi lamulo ndi asilikali a mfuti, pamene la kunja, limene anthu amamwapo, lili ndi amalume ndi chipika. Pa pepala tinasainira pangano la Ramsar loteteza malo a madzi, Nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh zinalembedwa mmenemo, koma kadambo kathu sikadzalembedwa paliponse. Anthu a m'mphepete mwa paki akhala akumva ulaliki wosamala chilengedwe kwa zaka zambiri, ndipo chichokereni njovu 263 ku Liwonde kubwera kuno mu 2022, ena aulipira ndi chimanga chawo, ena ndi moyo. Anthu omwewo akanena okha kuti apa ayi, musadutse, sindikuona chifukwa chowatchera odana ndi chitukuko.

Koma pali mbali imene amalume sakonda kuti ndiitchule. M'mbali mwa chipika chija anasiya mpata. Akuti ndi wa anthu apansi ndi njinga. Chabwino. Koma mpata umenewo ngolo yawo imakwana, ndipo imadutsa, itadzaza manyowa kupita kudimba. Mwana wawo ali ndi njinga yamoto ya kabaza, ndipo amadula pomwepo mwina kakhumi patsiku, pamodzi ndi anzake onse a pasiteji. Kamzere ka njinga zamoto kayamba kale kuzama pakokha, kocheperako inde, koma madzi sasankha. Nditawafunsa anati ngolo ndi yopepuka, anatinso makolo awo ankadutsa pomwepo ndi ng'ombe. Zoona, koma ng'ombe nazo zikamaponda malo amodzi chaka ndi chaka zimatsegula chigwembe. Ngati ufulu wathu wokana ukuchokera poti ndife otsala ndi mavuto, ndiye kuti lamulolo liyenera kutiluma ifenso. Kupanda apo chipikacho changokhala malire a ife ndi iwo, ndipo dalaivala uja akanena kuti tikumuchitira kaduka sadzakhala akunama kwenikweni.

Palinso usiku. Mayi woyembekezera akayamba kudwala mwana pakati pa usiku, galimoto imene yapezeka izungulire? Apa onse anagwirizana osakangana: odwala ndi maliro, chipika chimasunthidwa. Anyamata anayi amachikwanitsa. Ndinasangalala kumva zimenezo, chifukwa mwambo wakale uja sunafe, wangobwerera pa anthu amene unapangidwira. Zimene sanagwirizane mpaka lero ndi za ngolo ndi kabaza, ndipo a nyakwawa akuti nkhaniyo idzakambidwa anthu akamaliza kukolola. Kaya kukolola kwa chaka chiti.

Tsiku lobwerera ku Lilongwe ndinachedwa kutsanzika, monga mwa nthawi zonse, mayi akuwonjezerabe ufa ndi mtedza m'thumba. Msuweni wanga uja anandikweza pa njinga yake. Titafika pamphambano anaima n'kutembenuka.

"Asuweni, tidule kapena tizungulire? Tikazungulira muwonjezera K1,000, ndipo minibasi yam'mawa muiphonya."

Ndinayang'ana kumunsi. Amalume anali pachipika chawo, atakhala, akusenda nzimbe, maso ali pa ife.

"Tizungulire," ndinatero.

Minibasi ndinaiphonyadi, ndinakhala pa Kasungu mpaka masana. Ndili pa depoti ndinadzifunsa kangapo ndikanayankha chiyani pakanakhala kuti pachipika paja panalibe munthu.